Tambala Wosowa ku Limbe: Kope la Sewero Lathu la Pawailesi

Loweruka, 8 Malichi

Ndatsegula kope latsopano lero, popeza lakale ladzaza ndi zofufutafufuta. Muno ndizilembamo zonse zimene tikuchita mpaka gawo loyamba litapsa, kuti wina amene adzafune ntchito yotereyi asadzapunthwe pamiyala imene ife tapunthwapo kale.

Tikukonza sewero la nthabwala la pawailesi, magawo 6, lililonse losapitirira mphindi 30. Mwini nkhani ndi Yosofati Kamphonje, wofufuza milandu wodziimira payekha, wazaka 41, batchala wouma gwa, yemwe ali ndi kaofesi kuseri kwa sitolo ya telala ku Limbe m'chaka cha 1957. Tilipo anthu asanu ndi awiri: osewera anayi, mnyamata wa makina, mlongo wanga amene watenga udindo wa phokoso lonse la zitseko, mapazi ndi ziwiya, ndi ine wolemba.

Maganizowa adachokera kuwiri. Ndidakula tikuunjikana pa wailesi ya agogo kumvera Sewero la Sabata Ino ndi Kapalepale pa MBC, ana pamphasa, akulu pamipando, ndipo wotsokomola ankayang'anidwa ndi diso lofiira. Kenaka chaka chatha ndidapeza pa intaneti masewero akale a ku America a m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950. Limene lidandigwira mtima ndi Richard Diamond, Private Detective, lomwe lidayamba pa NBC mu 1949. Wosewera wamkulu anali Dick Powell, ndipo magawo ambiri adalemba ndi Blake Edwards. Wofufuza wake amakunthidwa, amaseleula apolisi, ndiye mlandu ukatha amapita kunyumba kwa bwenzi lake Helen n'kukamuimbira nyimbo. Za ukwati osaziyandikira. Ndidaseka, komanso ndidadzifunsa kuti munthu wotere akadakhala wa kuno kwathu akadathawira kuti, popeza kuno wokukakamiza banja sakhala mmodzi. Mtundu wonse umakhala uli pambuyo pako.

Ku America nyengo ya masewero amenewa amaiwerenga kuti idatha pa 30 Sepitembala 1962, tsiku limene masewero a Suspense ndi Yours Truly, Johnny Dollar adaulutsidwa komaliza pa wailesi ya CBS. MBC idayamba mu 1964. Iwo ankatseka pamene ife tinkatsegula, n'chifukwa chake khutu la Mmalawi likadali lozolowera kuonera nkhani m'mutu. Ndikudalira khutu limenelo.

Loweruka, 15 Malichi

Sabata yonse ndalimbana ndi funso limodzi: Yosofati akamafotokoza nkhani, akuuza yani?

Masewero akalewo anali ndi njira zawo. Wofufuza milandu Sam Spade ankauza mlembi wake Effie kuti alembe lipoti. Johnny Dollar, wofufuza za inshuwalansi, ankawerenga ndalama zimene wawononga paulendo, ndipo nkhani inkatuluka m'mawerengero amenewo. Ine poyamba ndinangomusiya Yosofati akuyankhula yekha mumdima, ndipo titawerenga zinamveka ngati munthu amene mutu wayamba kusokonekera. Kwathu kuno munthu woyankhula yekha timamutengera kwa asing'anga.

Yankho labwera Lachinayi ndili m'minibasi. Gawo lililonse likhale kalata imene Yosofati akulembera atsibweni ake ku Mtakataka, kuwafotokozera chifukwa chimene walepherera, kachikenanso, kukwera sitima kubwera kudzaona mbeta imene amupezera. Njanji yochokera ku Limbe kupita ku Salima, yomwe idafika kumeneko mu 1935, imadutsa ku Balaka, ku Golomoti ndi ku Mtakataka komweko, choncho alibe chonamizira kuti njira kulibe. Ayenera kupeka china sabata ndi sabata, ndipo mlandu uliwonse ndiwo chowiringula chake. Nachi chiyambi cha gawo loyamba monga chilili pano:

"Okondedwa atsibweni, ndakondwa kupeza mpata uno wokulemberani. Ine kuno ndili bwino, kaya inu kumeneko pamodzi ndi onse a pakhomo, osaiwala mbuzi yothyoka mwendo ija. Kalata yanu ndidalandira, ndi chithunzi chomwe. Namwaliyo akuoneka waulemu ndithu, ngakhale wojambula adamudula mutu. Ndikadakwera sitima ya Lachisanu monga mudalamulira, koma Lachinayi madzulo pachitseko panga padagogoda munthu wovala jasi lalikulu kunja kukutentha."

Wosewera Yosofati atawerenga mawu akuti "monga mudalamulira" anagwetsa mawu pansi ngati wagwada, ndipo chipinda chonse chinaphulika. Pamenepo ndinadziwa kuti msana wa sewero tapeza.

Lamulungu, 23 Malichi

Tawerenga gawo lonse koyamba, titazungulira tebulo. Masamba 24 atitengera mphindi 36. Ndiyenera kudula mphindi zosachepera 7, ndipo malo odula ndawaona kale, chifukwa ndi omwe anthu anakhala chete.

Paliponse pamene ndinamupatsa Yosofati pakamwa pa wofufuza wa ku New York, nthabwala inafa. Panali pena pamene amayankha sajeni wa polisi mwachipongwe, pena pamene amanena atsibweni ake kuti ndi nkhalamba yovuta. Palibe anaseka. Mayi amene akusewera a Nachisale, mwini tiyirumu imene Yosofati amadyerako, anangoti, "Mwana ameneyu ndi wamwano, ine sindingamuphikire." Akunena zoona. Kwathu munthu wonyoza atsibweni ake sasangalatsa, amangonyansa. Chimene chimaseketsa ndi munthu amene akukana mwaulemu wosefukira, akuomba m'manja, akuti "inde, inde, zamveka", miyendo ikubwerera m'mbuyo kufuna chitseko. Yosofati asamanene kuti ayi ngakhale kamodzi m'magawo onse 6. Lamulo limeneli ndalilemba ndi inki yofiira pachikuto cha kope.

Nkhani ya gawo loyamba yaima chonchi. Munthu wa jasi uja akuti wabedwa tambala amene amayenera kukaperekedwa pa chinkhoswe Loweruka, ndipo alipira sheleni imodzi patsiku kuti apezeke. Yosofati akutsata nthenga kuchokera pa siteshoni, kudutsa mumsika, kufunsa onyamula katundu ndi ogulitsa nkhuku, ndipo pakati pa zonsezi akupuma pa tiyirumu ya a Nachisale, amene amupatsa nsima ya ndiwo yabwino modabwitsa osamulipiritsa. Kumapeto zikudziwika kuti chinkhoswecho n'chake chomwe. Wa jasi ndi mthenga wa atsibweni, ndipo nzeru yawo inali yakuti Yosofati akapeza tambalayo amuperekeze yekha kumudzi, akangotsika sitima apeze ankhoswe a kuchikazi atayala kale mphasa, msoti uli m'manja. Koma mthengayo adaiwala dengu kuseri kwa tiyirumu, a Nachisale adamva zonse, ndipo umboni wonse Yosofati adaudya yekha Lachisanu masana, mpaka kupempha msuzi wina.

Zonsezi zinayenda. Chimene chinandisowetsa tulo ndi funso la abambo amene akusewera atsibweni, mphunzitsi wopuma ntchito amene sanayankhule tsiku lonse. Tikunyamuka anandiitanira pambali n'kunena kuti, "Achimwene, mwanayu akuthawa, tamva. Nanga akuopa chiyani?" Ndinalibe choyankha.

Loweruka, 5 Epulo

Sabata ziwiri osalemba muno. Ndimafuna yankho la funso lija, ndipo ndinakalipeza kumudzi, pakhonde la azakhali anga, pamene nkhani inalowa ya akamwini akale.

Yosofati ndi Mchewa wa ku Dedza, wobadwa cha m'ma 1916. Bambo ake anali mkamwini. Adamanga nyumba pamudzi wa akazi awo, adalima munda wa apongozi, adakumba chitsime, adadzala mango. Mayi a Yosofati atamwalira, maliro atatha, abambowo adauzidwa mwaulemu wonse kuti chimene adadzera chatha. Adachoka ndi khasu, nkhwangwa ndi mphasa yokulunga, ana n'kutsala, popeza ana ndi a kuchikazi ndipo mwini mbumba ndi atsibweni. Yosofati anali ndi zaka 9. Adaima pansi pa mango amene bambo ake adadzala, akuwaona akutsetsereka njira osacheuka.

Ndiye munthu amene akumuumiriza banja lero ndi yemwe uja adaima pakhomo tsiku limenelo. Ndi yemwenso adamulera, adamulipirira sukulu ya mishoni, adagulitsa mbuzi kuti mwanayo apeze ya sitima yopitira ku Limbe. Yosofati amawakonda atsibweni akewo, amawaopa, ndipo sadawafunsepo za tsiku lija. Sakuopa mkazi. Akuopa kudzala mango pamudzi wa eni.

Sindikufuna kuti sewero lisanduke mlandu wotsutsa chikamwini. Mwambowu uli ndi nzeru zake: mkazi amakhala pakati pa abale ake, munda sumuchoka, ana sasowa kolowera. Atsibweni m'seweroli ayenera kukhala ndi mbali yawo, ndipo ndawasungira gawo lachisanu kuti kalata ichokere kwa iwo. Koma popanda bala limeneli Yosofati anali chidole chongothamangathamanga. Tsopano akamati "inde, inde, zamveka" pali chimene akubisa, ndipo wosewera wathu wayamba kupuma kaye pang'ono asanatchule mawu akuti "kumudzi". Sindinamuuze kuti atero.

M'gawo loyamba nkhani imeneyi ingotulukira m'chiganizo chimodzi chokha. A Nachisale akumufunsa kuti, "A Kamphonje, bwanji simudzala ngakhale duwa pakhomo panupo?" Iye akuti, "Ndimakonda zinthu zokwana m'sutukesi, mayi." Kenaka akupempha tiyi wa tiki, kandalama ka mapeni atatu. Aphunzitsi aja atamva anagwedeza mutu, osanena kanthu.

A Nachisale nawonso akula. Poyamba anali mayi wongodikira kufunsiridwa, zomwe zinali ulesi wanga. Tsopano ndi mayi wamasiye wazaka 38 amene malo ake ndi akeake, amawerengera ndalama pamtima, ndipo milandu yambiri amaithetsa ndi iwowo akupukuta makapu, Yosofati n'kumadzayesa kuti nzeruyo yachokera m'mutu mwake. Ngati amamufuna kapena amangomumvera chisoni, omvera adzakangane okha.

Loweruka, 12 Epulo

Tsiku la mlongo wanga ndi zipangizo zake. Wasandutsa khonde lonse kukhala msika.

Opanga masewero akale a ku America aja ankapanga phokoso pomwepo sewero likuulutsidwa: zikamba za kokonati zinali ziboda za hatchi, pepala lonyezimira lofwanyidwa pafupi ndi mayikolofoni linali moto. Ifenso tasankha kupanga ndi manja m'malo motsitsa pa intaneti, chifukwa chitseko chotsitsa chimamveka kuti n'cha nyumba ya kunja. Chathu ndi chitseko cha kabati yakale ya amayi, chimene chimalira kuti kweee chisanatsekeke. Mapazi ndi nsapato za chikopa m'beseni la miyala ya kumtsinje. Sitima ya malasha ndi matabwa awiri okutidwa sandipepa, kukhuza pang'onopang'ono kenaka mofulumira, ndipo mluzu wake ndi kuuzira pakamwa pa botolo lokhala ndi madzi theka. Belu la njinga tabwereka pa Humber ya agogo a mnyamata wa makina, yomwe ikuyendabe.

Chimene chandikondweretsa koposa ndi makina osokera. Popeza ofesi ya Yosofati ili kuseri kwa telala, nthawi zonse tikakhala mu ofesimo kumbuyo kuzimveka Singer yopalasa ndi phazi. Womvera sadzafunika kuuzidwa kuti tabwerera ku ofesi. Ndipo Yosofati akanena bodza lalikulu, makinawo aziima zii, ngati telalayo akumvetsera kukhoma. Nthabwala imeneyi ndi ya mlongo wanga, ndipo ndi yabwino kuposa zambiri zimene ndalemba.

Pa tiyirumu chizindikiro chake ndi wailesi. Mu 1957 malo otere akadakhala ndi wailesi ya safuliya ija, Saucepan Special, ya kampani ya Ever Ready, yomwe idayamba kugulitsidwa mu 1949 pa mtengo wa mapaundi 5, yabuluu, yozungulira ngati safuliyadi, yoyendera batire lalikulu. Inkagwira Lusaka, kumene ankaulutsa m'Chinyanja kufikira kuno ku Nyasaland. Sitigwiritsa ntchito nyimbo za eni. Mnzathu wina woimba watipekera kanyimbo ka chitoliro ndi gitala ka mtundu wa kwela, ndipo tikakasakaniza ndi kulira kwa wailesi yosaka siteshoni, ukumva fungo la tiyi ndi sikono. Kanyimbo komweko, kodulidwa masekondi 6, ndiko kazitilumphitsa kuchoka pamalo ena kupita pena, ntchito imene ku America kawirikawiri inkagwiridwa ndi limba.

Tambala yekha ndiye wavuta. Wa aneba amalira m'bandakucha basi. Mnyamata wa makina wagona pakhonde ndi foni, ndipo 4 koloko m'mawa wamugwira katatu. Kulira kwachiwiri ndiko kwabwino, kuli ndi kudandaula mkati.

Loweruka, 26 Epulo

Kujambula koyamba kwalephereka theka. Tinatchinga mawindo ndi matiresi, makoma ndi mabulangete, koma mvula yomaliza inabwera pa malata tili patsamba 9, ndipo itangokata magetsi anathima. Batire la laputopu latipatsa mphindi 50. Tapulumutsa zochitika zitatu.

Komabe tsikuli latiphunzitsa ziwiri. Choyamba ndi cha mayikolofoni. Tili ndi imodzi yokha yabwino, ndipo ndimaona ngati ndi umphawi, koma ndiyo yatipatsa kuya kwa chipinda. Wolowa pakhomo amayamba kuyankhula ali mapazi anayi kutali, akuyandikira. Wonong'ona amafika mpaka pamphuno. A Nachisale akamayankha ali kukhitchini amangotembenukira kukhoma. Zonse tikujambula mono, kutanthauza mawu otulukira njira imodzi osati kumanzere ndi kumanja, kenaka mu Audacity, pulogalamu ya pakompyuta yokonzera mawu, tikudula mawu a besi a pansi pa 200 Hz ndi mawu osongoka a pamwamba pa 5,000 Hz kuti zimveke ngati zikutuluka m'wailesi yakale. Tinayesa kuthira phokoso la mbale ya galamafoni yokalakala pamwamba, koma linkameza ma "ph" ndi ma "th", mpaka "phala" ndi "pala" osasiyana. Talichotsa.

Chachiwiri n'chachikulu, ndipo chikukhudza chiyankhulo chenichenicho. Chichewa chili kale ndi phokoso lake m'kamwa. Yosofati akamalemba kuti "ndidangomva gogogo", kapena "munthuyo adangoti balamanthu", kapena "mumsika monse mudangoti zii", mvekero wagwira kale ntchito ya chitseko ndi mapazi. Ine ndinali nditalemba zonse ziwiri, mvekero ndi phokoso, ndipo zimapondana ngati anthu awiri olowa pakhomo limodzi. Tagwirizana kuti m'kalata, pamene Yosofati akusimba, mvekero ndiwo uzilamulira ndipo mlongo wanga azikhala manja lende. Nkhani ikalowa m'zochitika zenizeni, zipangizo zizilankhula, pakamwa pazisiya. Malo amodzi okha taphwanya lamuloli dala: Yosofati akulemba kuti "ndidatuluka mwakachetechete, nyang'anyang'a", ndipo pomwepo kukumveka ndowa ikugubuduka, galu akuuwa, telala akukuwa. Kusiyana kwa zimene akuuza atsibweni ndi zimene khutu likumva ndiko mgodi wa nthabwala umene sindinauone polemba. Ndabwerera m'magawo 2 ndi 3 kukaukumba.

Loweruka, 10 Meyi

Gawo loyamba latha. Mphindi 28 ndi masekondi 40. Tinamaliza kujambula Lamulungu lapitali kunja kuli phee, ndipo kusakaniza kwatenga mausiku anayi.

Dzulo tinaliyesa pa anthu khumi ndi awiri amene sanalimvepo: aneba, amayi awiri a kumpingo, anyamata a kabaza atatu, ndi agogo a Humber aja. Tinaika sipika pampando pakati pa bwalo, nyali titazimitsa. Ndinakhala kumbuyo ndi kope, ndikulemba pamene aseka ndi pamene asuntha mipando. Aseka kwambiri pa makina a telala, pa ndowa, ndi pamene Yosofati akuyamikira msuzi kuti "nkhuku imeneyi idaleredwa ndi anthu aulemu". Asuntha mipando pakati pa mphindi 14 ndi 17, pamene akufunsa ogulitsa nkhuku atatu motsatizana. Wogulitsa mmodzi ndimuchotsa, atsala awiri. Mnyamata wina wa kabaza anatulukira za tambala mphindi zisanu nkhani isanaulule, n'kuyamba kukuwa kuti "Wadya! Wadya yekha!" Ndinada nkhawa, koma ena aja m'malo mokhumudwa anayamba kuseka mawu alionse a Yosofati, popeza tsopano ankadziwa chimene iye sakudziwa. Sindibisanso kwambiri. Ndiwonjezera kachizindikiro kena koyambirira kuti ambiri atulukire msanga.

Pa chiganizo cha sutukesi palibe anaseka, ndipo ndi mmene ndimafunira. Agogo aja anangoti "Hmm" chapansipansi. Titayatsa nyali anandifunsa ngati bambo ake a Yosofati adzamveke m'magawo akubwerawa. Ndinali ndisanaganizepo. Akanakhala moyo mu 1957 akanakhala okalamba ndithu, mwina ali ku Salisbury (Harare ya lero) kapena ku Joni kumene amuna ambiri a kuno ankapita kukagwira ntchito, mwina ali pamudzi wina akulimanso munda wa eni. Usiku wonse ndakhala ndikuganiza za gawo lomaliza lakuti munthu wokalamba agogode pa kaofesi kaja kudzapempha kuti amufufuzire mwana wake amene adamusiya pansi pa mango. Ndikuopa kuti lingalemere kuposa sewero la nthabwala, ndipo mayi wosewera a Nachisale akuti tiliyese kaye patebulo tisanalikane. Ndalemba masamba atatu.

Zotsala sabata ino: kudula wogulitsa nkhuku wachitatu, kujambulanso kalata yotsekera chifukwa njinga yamoto inadutsa pa mawu akuti "ndine mwana wanu womvera", ndi kupeza belu la pakauntala la gawo lachiwiri, lomwe ndi mlandu wa galamafoni yosowa pa ukwati. Kuwerenga kwa gawo limenelo kuli Lamulungu, 2 koloko masana, ndipo aphunzitsi apempha kuti abwere ndi kalata ya atsibweni imene alemba okha.